Mabuleki a Malemu Elifala

Nkhwangwa inagwera pa loko kachiwiri, chitseko cha kashedi chinatseguka. Agustino anaiponya pansi n'kuyamba kugwetsa zitini za m'katimo.

"Bambo aang'ono, tangometa dzulo lomweli," anatero Loyce ataima pakhomo. "Dothi la pamanda a bambo silinaume n'komwe."

"Ndidikire liume kuti galimoto ipite kwa amalume ako ku Ntchisi? Ndimakudziwani inu. Kiyi ali kuti?"

Pikapu ya malemu Elifala inali pansi pa mtengo wa mango, masamba atadzaza kumbuyo kwake. Inali yakale kuposa Loyce. Inkanyamula mabelo a fodya kupita ku Mponela, odwala kupita ku mishoni, ndi maliro a mudzi wonse. Maliro a mwini wake okha ndiwo anabwera pa ngolo, chifukwa mabuleki anali akudontha ndipo iye anagona asanawakonze.

Esitere, mkazi wa malemuyo, anali pamphasa pakhonde, duku wakuda atamuphimba kumutu kometa. Anabwera m'mudzimo pa chitengwa, choncho panalibe mbale wake woti amuimire. Agustino, mng'ono wa mwamuna wake, anatuluka m'shedimo nalunjika kwa iye. Kumbuyo kwake kunali amuna awiri amene anabwera nawo kuchokera ku Mponela kuti adzakankhe galimoto.

"Alamu, kiyi."

"Takhalani pansi kaye, alamu. Akuluakulu sanagamule."

Agustino anaona mfundo kumapeto kwa chitenje cha mlamu wakeyo. Anagwira mkono wa Esitere n'kuupotokola mpaka mayiyo anagwetsa nkhope pamphasa. Loyce anamulumphira kumsana namuluma pakhosi. Agustino anakuwa, anamugwetsa, natola lamba wakale wa injini amene anali pakhonde. Lambayo analira pamsana, analira pamiyendo, kenako anamupeza pakamwa. Loyce atafuna kudzuka, nsapato inamubweza pansi. Anatsokomola, nalavula dzino m'fumbi.

Anthu anali ataima kuseri kwa zigafa za fodya, akusuzumira. Palibe anasendera. Wina anangoti, "Za pachibale izi."

"Matipate awa, mayi," anaseka mmodzi wa amuna a ku Mponela, wazipsera pamphumi. "Aliyense ali ndi ufulu wotenga chake."

Agustino anang'amba chitenje chija ndi mano, kiyi anagwera m'dzanja lake. Ankapumira m'mwamba.

"Ndani ankasenza mabelo zaka zonse zija? Msana wanga uwu ndiwo unagula galimotoyi. Koma achimwene sanandipatsepo chiwongolero n'kamodzi komwe. Ati ndine wopupuluma. Ine woyendetsa thirakitala ku esiteti! Lero ndipupulume muone."

Analowa m'galimoto, naponda buleki. Phazi linangolowa mpaka pansi. Anatukwana, natsegula boneti, napeza kachitini ka mafuta a mabuleki katauma. Anabwerera m'shedi muja.

Elifala ankasunga mafuta ake m'mabotolo opanda zolemba. Ankawadziwa ndi mphuno ndi zala. Panali oyilo wolemera wa injini, chifukwa ankati injini yokalamba ikapatsidwa wopepuka imangomumwa ngati tiyi. Panali wonunkha wa difu, wa magiya a kumatayala akumbuyo. Ndiye panali mabotolo awiri ofanana, a mafuta oyererako. Lina linali la mabuleki, ndipo anali atalimanga luzi m'khosi. Linalo linali la jeke, chida chonyamulira galimoto.

Agustino anatuluka ndi lopanda luzi.

Esitere analiona. Zaka zonse za ukwati wake iye ndiye ankagwirira mwamuna wake masipanala, ndipo ankadziwa zimene mafuta a jeke amachita. Amatupitsa timarabala ta m'kati. Buleki imagwira pakhomo, imagwira panjira yosalala, kenako imangosiya osatsanzika. Ndipo njira yotuluka m'mudzimo inali imodzi yokha, mtsetse wa Katsumwa, wokhotakhota mpaka pa kamlatho ka matabwa.

Esitere anatsegula pakamwa. Loyce anakwawa namugwira mwendo. Mlomo wake unali utatupa, mawu ankatuluka ndi magazi.

"Amayi, khalani chete."

"Loyce."

"Ndati khalani chete. Athira okha. Ife sitinawagwire dzanja."

Esitere anayang'ana nkhope ya mwana wakeyo, nayang'ana dzino lili m'fumbi, nyerere zitayamba kale kulizungulira. Anatseka pakamwa. Anamva mafuta akulowa m'kachitini, anamva boneti ikumenyetsedwa. Agustino anapopa mpaka buleki inalimba. Amuna aja anakankha, injini inatsokomola, kenako inadzuka ndi mawu ake omwe aja, amene Esitere ankawamva ali kumunda n'kudziwa kuti ayambe kutereka madzi osamba.

Sanadziwe kuti waimirira liti. Anangozindikira ali kutsogolo kwa galimoto, manja ali pa boneti.

"Chokani!" anakuwa Agustino.

"Zimitsani, alamu."

Agustino anasiya kilatchi. Bampala inamugunda m'mawondo, nagwa chagada, mutu n'kumenya muzu wa mango. Duku anavuka. Tayala linaima pafupi ndi phazi lake. Kuseri kwa zigafa mayi wina analira mokweza.

"Mwathira a jeke," anatero Esitere ali chigonere. "Simukafika pamlatho."

"Bodza la mfiti! Ukufuna igone pano kuti abale ako adzaibe."

Anatsika, namukoka ndi kolala ya bulawuzi, namuwomba mbama. Esitere sanatchinge. Anangoloza beseni la madzi limene opita kumaliro ankasambiramo m'manja.

"Donthezani a m'botolo lanulo. Kenako donthezani a botolo la luzi."

Wazipsera uja ndiye anachita, chifukwa nayenso anali woti akwere. Mafuta a jeke anayandama pamwamba pa madzi ngati diso la nsomba. A botolo la luzi anasungunuka, madzi anangochita mbuu pang'ono n'kuyera.

"A mabuleki amagwirizana ndi madzi," anatero Esitere. "Enawo ayi."

Mwamunayo anayang'ana kumtsetse, nayang'ana mnzake. "Achimwene, ife tidzera wapansi. Ana anga akadali aang'ono." Anapita osacheuka.

Agustino anatsala ataimirira, kolala ya mlamu wake ikadali m'dzanja. Anaisiya pang'onopang'ono.

"Amayi, mwatani?" Loyce ankalira tsopano, kulira kwaukali. "Munthu wandichotsa dzino! Wakugundani ndi galimoto ya bambo! Mukanangomusiya!"

"Ndinamusiya, mwanawe. Ndinamusiya mpaka injini inalira." Esitere anatola duku wake namanga. "Kanditengere thumba la timarabala limene bambo ako anagula asanadwale."

"Sindipita."

Esitere anapita yekha, akutsimphina. Anabwera ndi timarabalato, masipanala ndi kapayipi. Anatambasula dzanja kwa Agustino.

"Kachasu ali m'thumba mwanuyo."

"Mumwe?"

"Nditsukire."

Anayamwa mafuta oipawo ndi kapayipi, akulavula pambali. Anamasula chopopera mabuleki, natulutsa timarabala takale, natsuka chilichonse ndi kachasu mpaka fungo linadzaza pabwalo. Anasintha ndi ta kutayala lakumbuyo kumene kunkadontha. Dzuwa linapendeka iye ali pansi pa galimoto, nsalu yake yamaliro itathimbirira ndi girisi. Atathira mafuta a botolo la luzi, anaitana.

"Ntchito iyi ndi ya anthu awiri. Khalani pampando, alamu."

Agustino anakhala.

"Popani. Popaninso. Gwirani pomwepo."

"Ndagwira."

"Musasiye mpaka ndinene. Mukafulumira, mpweya ubwerera."

"Ndamva."

"Siyani tsopano. Pang'onopang'ono."

Anazungulira matayala onse motero, mawu a mayiyo akuchokera pansi, phazi la Agustino likumvera. Pakhosi pake, pamene Loyce analuma, magazi anali atauma. Pomaliza Esitere anatuluka, napukuta manja ndi masamba a mango.

"Yatha. Oyilo wa injini muzithira wolemera. Tengani botolo lakelo."

Agustino anagwira chiwongolero. Anayang'ana anthu amene tsopano anali atatuluka kuseri kwa zigafa. Kubwerera m'mbuyo pamaso pawo kunamukanika.

"Ndikuitengabe," anatero, mawu atatsika.

"Ndikudziwa."

Pakhomopo panali potsika pang'ono, choncho anangomasula handibuleki, galimoto inagubuduka n'kulira. Inadutsa zigafa, inadutsa nkhokwe, ikulunjika pamene mtsetse umayambira.

Esitere anawerama m'mbali mwa njira natola mwala waukulu, wofuna manja awiri. Anayamba kuitsatira.

"Eya, amayi!" anakuwa Loyce. "Pagalasi pomwepo!"

Agustino anamuona pa kagalasi ka m'mbali. Anakweza phewa, nabisa mutu, akudikira kuphwanyika. Sikunabwere. Atasuzumiranso, anaona mayiyo akuyenda motsimphina pafupi ndi tayala lakumbuyo, mwala uli pamimba, maso ali patayalapo, wokonzeka kuuponya pansi pake ngati buleki ingakane.

Agustino anamuyang'anitsitsa. Anali ataonapo kayendedwe kameneko. Kalekale, iye akuyendetsa ngolo ya bambo awo yodzaza chimanga pa mtsetse womwewu, akukwapula ng'ombe kuti zithamange, Elifala ankayenda pambali chomwecho, wopanda nsapato, mwala uli m'manja, mpaka kukafika pamlatho. Sankadandaula, ndipo sanamuuzepo chifukwa chake.

Anaponda buleki. Galimoto inaima nji, pamphumi penipeni pa mtsetse.

Esitere anaika mwala uja pansi pa tayala, nausunthira ndi phazi kuti ukhale bwino. Anasasa manja, natembenuka kubwerera kwa mwana wake.

Injini inapitiriza kulira. Agustino anakhalabe pampandopo, chitseko chili chotseka, akuyang'ana njira yotsikira kumlatho.