Mfuti ya Empiang

Nyalong anaika mfuti ya malemu mayi ake paphewa, chala chachikulu n'kumugunda mphuno.

"Kamfuti aka n'ka mwana. Ndikaikitsa thako lina kutauni ya Bintulu," anatero.

"Mukawombera chiyani kumeneko, achimwene? Makoswe a padoko?" anafunsa Lulong, mlongo wake, akupeta mpunga.

Gerinang, bambo awo, anali atakhala pakhonde la nyumba yaitali. Panali patatha masiku asanu ndi anayi chiikireni mkazi wake Empiang m'manda. Chiphaso cha mfutiyo chinafunika dzina la mwana mmodzi, ndipo wosankha anali iye. Zaka makumi atatu zapitazo ndi iyeyo amene anadula thakolo ndi sowo kuti limukwane mkazi wake, yemwe anali wamfupi koma wosaphonya nguluwe.

"Bambo, nenani. Mfuti imapita kwa mwana wamwamuna. Anthu adzati chiyani?" anatero Nyalong.

"Nguluwe zikamadya mpunga usiku sizifunsa kuti wamwamuna ali kuti," anatero Lulong.

"Iwe idzakugwetsa chagada."

Gerinang anatambasula dzanja, Nyalong n'kumupatsa mfutiyo. Anaitsegula pakati, nasuzumira ngati munalibe chipolopolo, kenako anakodola mwana wake wamkazi.

Mumtima ankadziwa kale kuti mfutiyo siimukwana. Lulong anatengera msinkhu wautali wa bambo ake, ndipo mfuti yaifupi imamenya tsaya ndi kutupitsa phewa. Komabe anapinda mkono wa mwanayo, nakhazika thako mkati mwa chigongono. Chala chinafika pokhethemulira ndendende.

Gerinang anachita tsinya.

"Tsinzina. Kweza. Tsegula maso."

Tsaya linakhala bwino pamtengo, diso linalunjika pamwamba pa mpope wa mfutiyo osapendeka khosi. Anamubwerezetsa katatu, ndipo katatu konse zinali chimodzimodzi.

Gerinang anatembenuza mfutiyo. Pakati pa mtengo wakale ndi mphira wa tayala umene anakhomera yekha kumapeto kwa thako panali kathabwa katsopano, konenepa ngati zala ziwiri. Kanasemedwa mokhota, msomali umodzi unalowa chopingasa. Sinali ntchito ya manja ake.

"Waika izi ndani?" anafunsa Nyalong.

Lulong anakayang'ana nthawi yaitali, kenako anagwira pakamwa.

"Atabwera kuchokera kuchipatala ulendo woyamba uja anandiyeza mkono ndi chingwe. Ankati andisokera bulauzi."

"Mayi? Aja sankatha ngakhale kulowetsa ulusi pasingano," anatero Nyalong. Anayamba kuseka, koma kusekako kunathera m'misozi, ndipo anatembenukira kumtsinje.

Gerinang anasisita kathabwako ndi chala. Kanali kokhakhala, kakadamukanda mwanayo phewa. Anatulutsa mpeni kuti akasalaze, koma ataona mmene mpeni wa mkazi wake unadutsira, mofooka, mopumira, anaubwezera m'chimake.

Anavula nsalu imene inali m'khosi mwake, naipinda, naiyala paphewa la Lulong.

"Uziika iyi," anatero.