Utsi wa Mlonda

Kalata yochotsa mlonda ntchito inali italembedwa kale, ikungodikira siginecha ya Namakani, mayi amene ankapima kuwala kwa nyenyezi pa siteshoni ya telesikopu. Dzinalo anampatsa ndi anzake a mu ofesi, ndipo sananame.

Mlandu wake unali uwu. Lachiwiri lililonse kuwala kwa nyenyezi ina kunkatsika pang'ono kwa maola atatu, kenako n'kubwereranso. Lachiwiri lomwelo ndiye linali tsiku la mlonda wokalambayu kulondera pafupi ndi telesikopu, mbaula yake ili pambali. Pulofesa, mkulu wa siteshoniyo, anangoti basi, wakuba wagwidwa.

"Chobwera sabata ndi sabata n'cha anthu," anatero Pulofesa m'mawa umenewo, akukankhira kalatayo kwa Namakani. "Kumwamba kulibe kalendala. Ndi utsi wa mkuluyu ukutiwonongera ntchito. Sainani monga mboni."

Mlonda anali ataima pakhomo, chipewa chili m'manja. Namakani atamuona anamva chisoni, kenako anapsa mtima.

"Pulofesa, koma utsi umenewu ndi wanzeru! Pachithunzipa pali nyenyezi makumi atatu. Wasiya zonsezo n'kukaphimba imodzi yokha?"

"Mayi, musandiphunzitse ntchito."

"Sindikukuphunzitsani, ndikungokuonetsani." Anayala mapepala ake patebulo, wina n'kugwera pansi. "Sabata iliyonse kuwalaku kukufulumira kutsika ndi theka la ola. Masabata asanu ndi atatu, osaphonya. Ichi ndi chipulaneti chachikulu ngati Jupita, chikudutsa kutsogolo kwa nyenyezi yake n'kutitchingira kuwala." Anatembenukira pakhomo. "Bambo, munayamba mwafulumirapo kuntchito?"

"Ine, mwana wanga? Ngakhale pa ukwati wanga ndinachedwa."

Mlembi wa mu ofesimo anaseka, n'kubisa nkhope mu faelo. Pulofesa sanaseke. Munthu wamkulu salakwa pamaso pa mlonda.

"Mukakana kusaina, dzina lanu lichoka pa kafukufukuyu."

Apa Namakani anachita mantha, tisaname. Zaka zitatu za maso otupa ndi kompyuta zinali pa kafukufuku ameneyo, ndipo kwina kopita analibe. Anatola cholembera, nachiyang'ana, nachivundikira.

"Lichotseni," anatero, mawu akumveka mpaka pakhonde. "Bambo awa sanalakwe, ndipo ine sindisaina bodza. Wolakwa wanuyo adutsa Lachiwiri likubwerali, hafu eyiti madzulo. Mubwere ndi kalatayi mudzam'patse nokha."