Mlalang'amba Nambala 9

Lamulo la mu ofesi ya a Pulofesa linali lakuti wophunzira asamadziwe dzina la mlalang'amba womwe akuyeza. Ankangopatsidwa nambala, dzina n'kulimatira mu envulopu mpaka ntchito itatha. Akuti mtima umakondera.

Mtsikana wina, wophunzira wawo womaliza asanapume pantchito, anapatsidwa nambala 9, ndipo inamuzunguza mutu miyezi isanu. Pakatikati pa mlalang'amba pamakhala nyenyezi zothithikana ngati anthu m'basi ya m'mawa. Kwa zaka makumi atatu a Pulofesa ankaphunzitsa kuti amenewa ndi magulu akalekale a nyenyezi, omwe anatsetsereka pang'onopang'ono kuchokera kunja n'kudzaunjikana pakatipo. Ngati zili choncho, zonse ziyenera kukhala nkhalamba. Nanga bwanji theka la nyenyezi zapakati pa nambala 9 zinali zanthete, zobadwira pomwepo kuchokera ku mpweya?

Anakayikira kompyuta, anakayikira maso ake, kenako anadzikayikira yekha. Mantha ake anali akuti a Pulofesa akakana kusainira mapepala a kafukufuku wake, zaka zake zinayi zilowa m'madzi.

Lachisanu m'mawa anawaikira mapepalawo patebulo. Iwo anawerenga mpaka tiyi anazizira.

"Palibe cholakwika apa," anatero a Pulofesa. "Milalang'amba ina ndi yopulupudza basi, ngati ana a anthu. Wanga uja ndinayeza kalekale sungachite zoterezi. Tsegula envulopu, mwanawe."

Mtsikanayo anang'amba envulopu, anawerenga dzinalo, n'kuliwerenganso. Unali mlalang'amba womwewo umene a Pulofesa anauyeza ali mnyamata, umene unawapatsa mbiri ndi mpando womwe anakhalapowo.

"Wangoti kakasi bwanji?" anafunsa a Pulofesa.

Anawapatsira kapepalako ndi manja awiri. Iwo anavula magalasi, anawapukuta, anavalanso, koma dzina silinasinthe.

"Kapena ndasokoneza penapake, bambo," anatero mtsikanayo, chifundo chitamugwira. "Ndikhoza kukayezanso."

"Wayeza kangati?"

"Kanayi."

A Pulofesa anayang'ana pawindo. Panja wina ankasesa masamba.

"Ine ndinayeza kamodzi," anatero.

Anakoka mapepala aja n'kusainira. Mtsikanayo anatuluka nawo atawakumbatira pachifuwa, n'kukaima m'khonde. Digiri anali ataipeza, koma misozi inkangotsika, ndipo sankadziwa kuti akulirira ndani.