Miyala ya Bambo Anga Siipha Nsomba

Miyala inafika ku Surabaya Lolemba m'mawa, mabokosi khumi ndi awiri, mwala uliwonse atawukulunga m'nyuzipepala yonyowa. Ndinabwera nayo ndekha kuchokera kwathu ku Bangsring, nditakhala kumbuyo kwa lole, ndikuiwaza madzi a m'nyanja paliponse pamene dalaivala waima kuti asute. Bambo anga, Pak Sarmin, amaiumba ndi simenti ndi mchenga, n'kuimiza m'nyanja miyezi isanu ndi itatu mpaka imere ndere zofiirira ndi tizilombo tosawerengeka. N'chifukwa chake timati miyala yamoyo.

Bu Lanny, mayi mwini malo odyera atsopano mumzindamo, anagula thanki yagalasi yotalika ngati bwato, yoti alendo azionera nsomba akamadya. Woyang'anira ntchitoyo anali Pak Hendro, katswiri wa ku Jakarta, wa nsapato zosadziwa madzi. Mkulu ameneyu ndinkamudziwa bwino. Chaka chatha anaika miyala yathu mu hotela ina ku Malang, nsomba zonse n'kufa sabata isanathe, iye n'kumauza aliyense kuti miyala ya Pak Sarmin ndi yapoizoni. Masitolo anayi anasiya kutigula. Oda ya Bu Lanny inali yoyamba m'miyezi isanu ndi iwiri, ndipo nsomba zikanafanso pano, dzina la bambo likanathera pomwepo.

"Ukapereke katundu, uthokoze, ubwereko," anandiuza bambo ponyamuka. "Pakamwa pakopo usiye kunyumba kuno, Gendis."

Ndinayesetsa ndithu. Ndinapirira mpaka pamene ndinaona Pak Hendro akulozera anthu ake kuti asanjike miyala yonse motsamira galasi lakumbuyo, waukulu pansi, waung'ono pamwamba, mothinana.

"Pak, mukumanga khoma la bafa kodi?"

Sanatembenuke n'komwe. "Achemwali, ntchito yanu yatha. Basi ya ku Banyuwangi sidikira munthu."

"Nanga madzi adutsira pati? Zonyansa zikaunjikana kuseriko, alowako ndani?"

"Za m'madzizi munaphunzira sukulu iti?"

"Pa foni, ndi pansi pa nyanja. Inu munamirapo liti, kupatula mu bafa?"

Mmodzi wa anthu ake anaseka, n'kusandutsa chisekocho chifuwa. Nthawi yomweyo Bu Lanny analowa, foni ili kukhutu, magalasi ali pamphumi.

"Nsomba makumi anayi zifika Lachinayi," anatero atadula foniyo. "Tikutsegula Lachisanu la Legi, tsiku lamwayi pa kalendala ya makolo athu. Mpunga wachikasu ndaoda kale, ochita mapemphero ndawaitana. Zitheka, Pak Hendro?"

"Popanda vuto, Bu. Bola miyalayi ikhale yabwino." Anandiponyera diso.

Mutu wanga unatentha. Apa m'pamene ndinamvetsa zimene zinachitika ku Malang. Mwala ukayenda ulendo wautali, zina mwa zamoyo zake zimafa n'kuwola, madzi n'kusanduka ululu. Pamafunika milungu inayi kapena isanu kuti tizilombo tosaoneka ndi maso tichuluke n'kuyeretsa madziwo. Kwathu ngakhale wogulitsa tofu wokazinga amazidziwa zimenezi.

"Masiku atatu?" ndinakuwa. "Mukufuna kupha nsomba makumi anayi, kenako muzikanena kuti ndi bambo anga?"

"Mwana iwe, m'nyumba mwanga anthu sakuwa," anatero Bu Lanny.

"Pepani, Bu. Koma mukaziika Lachinayi, Lamlungu mudzaziwola ndi sefa."

"Tsiku silisinthika. Apongozi anga anakhala pansi ndi akuluakulu, anawerengetsa masiku athu obadwa, n'kupeza limeneli. Ndipo sindingatsegule ndi thanki yopanda chamoyo. Alendo adzati nyumba yafa isanayambe."

"Ndiye miyalayi sindikugulitsa."

Ndinakwera pampando, n'kupisa mikono m'thankimo mpaka m'mapewa, n'kuyamba kutulutsa miyala kubwezera m'mabokosi. Ndinkadziwa kuti ndilibe lole yobwerera, ndiponso kuti bambo akamva sandilankhula mwezi wathunthu. Komabe ndinatulutsa wachiwiri, wachitatu.

"Wapenga mtsikanayu," anatero Pak Hendro. "Mwaona anthu a kugombe, Bu?"

Mwala wachinayi unali wabowobowo, wolemera ngati mwana wa chaka. Nditaugwira ndinaima.

"Bu, ndibwerekeni mbale yaikulu yagalasi."

Sindikudziwa chimene chinawachititsa kuvomera, mwina ankafuna kuona pothera misala yanga. Ndinaika mwalawo m'mbalemo, n'kuthira madzi amchere, n'kupempha kuti aliyense asagwedeze tebulo. Tinadikira. Pak Hendro ankangoyang'ana wotchi. Kenako pakabowo kena panatuluka kanthu konga ambulera wanthenga, kachikasu, n'kutambasuka. Kena kofiira pambali pake. Timiyendo tamizeremizere tinasuzumira pamng'alu, ndipo kankhanu kochepa ngati chikhadabo kanadutsa pamwamba mosapupuluma, ngati mwalawo ndi wa agogo ake.

Bu Lanny anatsitsa magalasi pamphuno. "Zonsezi zinali momwemu?"

"Mwala umodzi umenewo, Bu. Mwagula makumi asanu ndi limodzi. Lachisanu thanki yanu idzakhala ndi zamoyo zochuluka kuposa alendo."

"Nanga nsomba?"

"Lachisanu la Legi limabweranso pakatha masiku angati?"

Anawerenga ndi milomo. "Makumi atatu ndi asanu."

"Milungu isanu. Ndendende zimene madzi akufuna. Malo odyera atsegulidwe pa Legi uyu, nsomba zilowe pa Legi winayo. Apongozi anu sangakane tsiku limene anasankha okha."

Bu Lanny anayang'anitsitsa kankhanu kaja. Kenako anatembenuka.

"Pak Hendro, ku Malang munadikira masiku angati?"

"Mwini hotelayo anali pachangu, Bu, ndiye..."

"Ndafunsa masiku angati."

"Atatu."

Ndinafuna kulankhula zambiri, zina zosayenera pamaso pa akulu. Ndinaluma mlomo mpaka kumva mchere, sindikudziwa ngati unali wa m'thanki kapena magazi. Bu Lanny anaimba foni n'kuuza wa nsomba kuti adikire mwezi ndi sabata.

"Khomalo ligwe," anandiuza. "Manga iweyo. Koma zikadzafa pa Legi winayo, ndidzakupeza ngakhale pansi pa nyanja yakwanuyo."

Ndinagumula zonse. Miyala itatu yophwatalala ndinaikhazika pagalasi lapansi penipeni, mchenga pambuyo, kuti nsomba zokumba zisadzagwetse. Pamwamba pake ndinayamba chipata chokhota, ndikuzunguza mwala uliwonse mpaka utaluma mnzake wosagwedera, mbali yofiirira kuyang'ana kuwala. Pakati pa mwala ndi galasi ndinkasiya mpata wa chikhatho. Mwala wotsekera pamwamba unkafuna manja anayi.

"Pak, gwirani uku."

"Malaya angawa ndi..."

"Pindani."

Anayang'ana kwa Bu Lanny, koma iwo anali kalikiliki kujambula mbale ija. Anapinda malayawo. Mwalawo utakhazikika ndinapukuta dzanja limodzi pa thalauza, n'kutulutsa foni, n'kujambula thanki yonse kuchokera kumanzere mpaka kumanja, ndikutchula tsiku mokweza. Ndinaganiza zoti ndizijambula Lolemba lililonse mpaka nsomba zitakwanitsa mwezi zili moyo. Kanema woyambayo ndinamutumiza pomwepo ku masitolo anayi aja, madzi akudontha m'zigongono.