Asanu ndi Awiri M'galimoto Imodzi

Galimoto yanga yokongola ija ndinaigula chaka chimene banja langa loyamba linatha. Ndinali nditazula mano a anthu a mu Emerald kwa zaka khumi ndi zinayi ndikuyendera chiphapha, ndiye tsiku lina ndinangokwera basi kupita ku Rockhampton, n'kubwerako ndikuyendetsa ya ku Ulaya, yooneka ngati khofi wothira mkaka, ya mipando yachikopa imene inkafunditsa msana m'nyengo yozizira. Ukatseka chitseko chake, phokoso lonse linkatsalira panja. Ana anga awiri, Imogen ndi Tess, ankakhala kumbuyo ngati ana a nduna. Sindinachite nayo manyazi. Ndinaikhetsera thukuta.

Patapita zaka zinayi ndinakwatiwa ndi Tavita Leota, makaniko wa zimakina za ku mgodi wa malasha. Tavita ndi Msamoa, chimunthu choti tsiku loyamba kubwera kudzazulitsa dzino anachita kuwerama pakhomo, koma ataona jakisoni anatsinzina n'kuyamba kupemphera. Mkazi wake anamwalira n'kumusiyira ana atatu: Sina, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu, ndi amapasa, Lupe ndi Ioane. Tonse pamodzi tinakwana asanu ndi awiri.

Galimoto yanga inkanyamula asanu. Pikapu ya Tavita, asanunso. Choncho kulikonse tinkapita pa galimoto ziwiri, ndipo popanda wowauza, ana ankadzigawa okha: anga kwa ine, ake kwa iye. Kutchalitchi tinkafika ngati mabanja awiri amene angokumana pachipata.

Loweruka lina tikuchokera ku ukwati ku Clermont, ndinaima pothira mafuta, pikapu itatsalira m'mbuyo. Tess anasuzumira pawindo n'kufunsa kuti, “Amayi, a kwa Leota aja tiwadikire?”

A kwa Leota! Anthu oti tinali titadyera mbale imodzi kwa miyezi isanu ndi itatu. Sindinamukalipire mwanayo. Ndinangodziwa pomwepo kuti galimoto yanga ikupita.

M'mawa mwake ndinamupeza Tavita kuseri kwa nyumba akuphika nthochi mu mkaka wa kokonati, monga amachitira Lamulungu lililonse.

“Ndikugulitsa galimoto,” ndinatero. “Ndikufuna chigalimoto chachikulu chija cha ku Japan, cha mipando isanu ndi itatu.”

Anasiya kutakasa. “Chatsopanocho? Ayi, Josi. Chimenecho n'chiwanda.”

“Wachiona kuti?”

“Anzanga kumgodi akuchidandaula. Anachotsa injini yakale ija, imene sinkadziwa kufa, n'kuikamo ina yaing'ono yodzaza makompyuta. Galimoto ikangotuluka kumene, oyamba kugula ndiwo amakhala oyeserapo. Ukufuna tikafere nacho pathengo, tili ndi ana asanu, madzi atatha?”

“Nanga yangayi sinatifere ku Springsure? Kawaya kokhala ngati ulusi, tinakadikira milungu isanu kuchokera kutsidya kwa nyanja.”

“Kamodzi kokha m'zaka zisanu. Galimoto yabwino imeneyo, adokotala. Inu zulani mano, za injini mutisiyire eni ake.”

Akayamba kunditchula kuti adokotala, ndiye kuti watseka makutu. Ndinamusiya ndi nthochi zake.

Usaganize kuti mawu ake sanandilowe. Tavita amadziwa makina kuposa munthu aliyense amene ndinakumana naye, ndipo kuno galimoto ikakufera pakati pa timatauni ta Alpha ndi Jericho m'dzuwa lowotcha la Disembala, si nkhani yoseka. Ndinawerenga zimene anthu amalemba pa intaneti mpaka mutu kuwawa. Wina ati injini yake inagwira isanakwane miyezi itatu. Wina ati wayenda nacho mpaka ku Darwin akukoka kalavani, osamva ngakhale kakhosomo. Wogulitsa galimoto naye anandiuza zimene ogulitsa onse amanena. Ndinaona kuti ndikufunsa anthu olakwika. Munthu akafuna kudziwa matenda amene akupha anthu m'mudzi, amafunsa okumba manda.

Mwayi wake, a Clarrie Duggan anali ndi tsiku lodzayesa mano awo oikirira. A Clarrie ndi mkulu wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi awiri, ndipo akhala akukoka galimoto zofera pamsewu m'dera lonseli kuyambira ine ndisanabadwe. Nditawaika manowo, ndinawagwira phewa asanadzuke, n'kuwauza za mkangano wanga ndi Tavita.

“A Clarrie, zikuluzikulu zatsopano zija, mwakokapo zingati?”

Anayendetsa lilime m'kamwa, n'kuluma mano kawiri. “Ha! Ndabwerera paunyamata. Mukuti zija zokhala ngati nyumba yoyenda? Zitatu, m'zaka ziwiri.”

“Zitatu? Zambiritu.”

“Dikirani, mayi. Choyamba chinagunda ng'ombe. Chachiwiri, mwini wake, wa ku Brisbane, anathira petulo m'malo mwa dizilo, kenaka n'kumatukwana a ku Japan. Chachitatu ndiye chinadwaladi. Injini inkagogoda ngati munthu wofuna moto. Chinali cha chaka choyamba. Za pambuyo pake sindinakokepo, ndipo zadzaza msewu wonse ngati nkhosa.”

“Nanga zangazi?”

“Zanuzo zilipo zochepa, ndipo sizifaifa. Koma ikafa, ndimaikoka mpaka ku Rockhampton chifukwa kuno aliyense amaopa kuitsegula boneti. Galimoto yosafa kulibe, mayi. Muzingofunsa kuti ikadzafa, wodzaidzutsa ali pafupi bwanji. Inu muli naye m'nyumba momwe, chimunthu chija. Akukana chiyani?”

Funso limenelo ndinapita nalo kunyumba.

Ndinakambirana ndi wogulitsa kuti atibwereke galimotoyo Loweruka lonse, ndipo ndinamuuziratu kuti sindiyenda nayo pa phula pokha. Anachita tsinya, koma analola. Tavita anabwera atavala ovolosi, tochi m'manja, ngati akupita kumaliro a mdani. Anatsegula boneti, anasolola kachitsulo koyezera oilo n'kukanunkhiza, kenaka analowa kunsi chagada, miyendo yokha kutsala panja. Wogulitsayo ankangoponda uku ndi uku.

“Mwapeza chiyani, bwana?”

“Palibe,” anayankha Tavita ali kunsi komweko. “Ndicho chikundidetsa nkhawa.”

Tinakwera tonse. Amapasa anathamangira mipando ya kumbuyo kwenikweni, Tess n'kuwatsatira. Sina ndi Imogen anakhala pakati, aliyense atakanirira kuwindo lake ngati anthu osadziwana m'basi. Ndinagwira chiwongolero. Kunena zoona, poyamba ndinamva ngati ndakwera denga la nyumba. Pokhota pa siteshoni chinkapendama ngati ngalawa, ndipo phokoso la injini linkalowa mkati mopanda ulemu. Yanga ija sikanachita zimenezo.

Koma titadutsa Rubyvale n'kulowa msewu wafumbi, chinthu chija chinasintha khalidwe. Mabampu amene yanga inkawadutsa ngati ikuyenda pa mazira, ichi chinkangowameza. Tinawoloka kamtsinje kouma, mchenga wofika m'mawondo, osagwedezeka mtima. Kumbuyo ana anali atayamba kuimba nyimbo ya Chisamoa imene Tess ankaiphonya mawu onse, Lupe n'kumafa nako kuseka.

Ndinaima pansi pa mitengo ya bulugamu. Ana anatsika kukafunafuna timiyala tonyezimira m'mchenga. Tavita anatsala pampando, akuyang'ana kutsogolo.

“Wamva kugogoda kulikonse?” ndinamufunsa.

“Ayi.”

“Giya?”

“Ili bwino.”

“Ndiye tigule.”

“Ayi.”

Ndinazimitsa injini. “Tavita, tandiyang'ana. Ndalankhula ndi a Clarrie. Ndawerenga zonse zimene iwe wawerenga. Vuto linali la chaka choyamba, ndipo iwe ukudziwa zimenezo kuposa ine. Kumgodi umakonza zimakina zazikulu kuposa tchalitchi, zodzaza makompyuta, ndipo sindinakumvepo ukuziopa. Ukuopa chiyani kwenikweni?”

Anayamba kupukuta zala zake pa ovolosi ngakhale zinali zoyera.

“Galimoto ija,” anatero potsiriza, “ndi chinthu chokhacho chimene unadzigulira wekha, cha iwe mwini. Chipinda chako chowerengera unapatsa Sina. Kumapeto kwa sabata sumapumanso. M'firiji chakudya chimatha ngati mwalowa dzombe. Tsopano galimotonso? Sindifuna kuti tsiku lina uziyang'ana ana anga n'kumawerenga zimene anakulanda.”

Ndinafuna kuseka, ndinafunanso kumumenya ndi tochi yake yomweyo.

“Ndiye milungu itatu yonseyi wakhala ukunamizira injini ya eni ake?”

“Sindinaname konse. Za chaka choyamba zinalidi ndi vuto.”

“Tamvera, bambo a Sina. Galimoto ija ndinaigula chifukwa ndinkaifuna, ndipo palibe anandiletsa. Iyi ndikuigula chifukwa ndikuifuna, ndipo iwenso sundiletsa. Palibe akundilanda kanthu. Ndine mkazi wa zaka makumi anayi ndi zitatu, ndimadziwa kusiyanitsa chimene ndapereka ndi chimene ndaberedwa. Iwe ntchito yako ndi imodzi: undiuze mmene tingagulire mwanzeru.”

Anapumira m'mwamba, n'kutsitsa galasi kuyang'ana ana. Ioane anali atamubereka Tess kumsana, akuthamanga naye mumchenga. Atatembenuka, nkhope yake inali ya makaniko tsopano.

“Osati ichi tayendachi,” anatero. “Ndaona nambala yake kunsi, n'cha kumapeto kwa chaka choyamba. Umuuze wogulitsayo akuitanitsire cha chaka chino, ngakhale tidikire. Ndidzaikamo sefa yachiwiri ya dizilo chifukwa mafuta a kumidzi kuno amabwera ndi madzi. Oilo tizisintha msanga kuposa mmene buku likunenera. Ndipo kutsogolo tiike zitsulo, ma kangaru a msewu wa Clermont alibe nzeru.”

“Basi?”

“Ndi mtundu woyera. Wakudawu ukutentha ngati uvuni.”

Tinadikira milungu isanu ndi iwiri. Tsiku lokasiya yanga ija ndinapita ndekha. Ndinaitsuka ndekha, ndinachotsa timapepala ta maswiti pansi pa mipando, ndipo nditafika kwa wogulitsa ndinakhalamo kanthawi injini itazima, manja ali pa chiwongolero. Zinandipweteka, sindikana. Inandinyamula m'zaka zimene ndinkafunika kunyamulidwa. Koma nditatuluka ndinapereka makiyi osacheuka, n'kukwera chinyumba changa choyera.

Patatha miyezi itatu kunabwera kalata yochokera kwa opanga, yoti tipititse galimoto akasinthe kapaipi kena kamene kanawavuta pa zina. Tavita anaiwerenga mokweza patebulo, akugogomeza liwu lililonse.

“Ndinanena ine, adokotala!”

“Unanena kuti tidzafera pathengo. Apa akuti tipite Lachiwiri, tikamwe tiyi, pofika masana zatha.”

Zinathadi masana asanakwane. Iye anakaima pambali pa amakaniko a kumeneko mpaka anamupempha mwaulemu kuti akakhale panja. Kuchokera pamenepo tayenda nacho ku Longreach, ku Yeppoon kunyanja, ndi kawiri ku Brisbane kukaona mayi ake a Tavita. Chimamwa mafuta ngati ngamila, ndipo pamalo oimika galimoto pa chipatala changa chimatenga danga la galimoto imodzi ndi theka. Koma sichinatikhumudwitsepo, ndipo Tavita, amene ankachitcha chiwanda, ndi amene amachipukuta Loweruka lililonse n'kumachilankhula ngati mwana.

Mwezi wathawu Sina anatenga chiphaso chophunzirira kuyendetsa. Bambo ake anapita naye kamodzi kokha, n'kubwerako onse awiri osalankhulana. Madzulo ake mtsikanayo anandipeza ndikuthirira maluwa.

“Anti Josi, mungandiphunzitse inuyo? Adadi amakuwa ndisanalize n'komwe injini.”

Tinapita pabwalo la mpira, pamene panalibe munthu. Anayenda bwinobwino kuzungulira kawiri, msana uli chilili, lilime lili panja. Ndiye ndinamuuza kuti abwerere chambuyo. Anaponda mafuta m'malo mwa buleki, ndipo tinamva kuti phwaa! Tinagunda mgolo wa zinyalala, wachitsulo, womangiriridwa pamtengo.

Tinatsika. Chitseko cha kumbuyo chinali chitabonyoka malo okwana chikhatho cha munthu. Sina anagwira pakamwa, misozi ili mbwembwembwe.

“Anti, pepani. Galimoto yanu yatsopano! Adadi andipha.”

Ndinagwira pobonyokapo, ndinayesa chitseko. Chinatseguka, chinatsekeka.

“Adadi akowo akhala akusowa chokonza kwa miyezi isanu ndi umodzi, lero agona mokondwa,” ndinatero. “Pukuta maso. Kwera, ubwererenso chambuyo, koma ulendo uno uyang'ane pagalasi.”

Anakwera, anapuma kawiri, n'kuika giya.