Sitolo ya Maluwa ya Rudi Maertens

Rudi Maertens ankayala miyala m'misewu ya m'tauni ya Aalst, ndipo zala zake zinali ngati masoseji, zokakala moti akagwira nsalu yosalala inkakodwa. Ndiye tangoganizani anzake apantchito atamupeza Lachiwiri lina pa nkhomaliro, atakhala kumbuyo kwa galimoto, lilime lili panja, akudula pepala lapinki ndi kasizasi koti chala chake sichinkalowamo n'komwe.

"Aa, Rudi! Mutu wakuzungulira liti?" anafunsa Jef, kapitawo wawo, mkate uli m'kamwa. "Kapena wapeza chibwenzi chodya mapepala?"

"Idyani mkate wanuwo, akulu. Ine ndikukonza katundu wa m'sitolo."

"Sitolo yanji?"

"Ya maluwa. Sabata yoyamba ya Julaye ndikupita ndi Nele kunyanja."

Apo Jef anameza mkate wake n'kusiya kuseka, chifukwa nkhani ya Nele aliyense ankaidziwa.

Nele anali mwana yekhayo wa Rudi, wa zaka khumi ndi ziwiri. Ukwati wa Rudi ndi Katrien unatha mwanayo ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo tisanamizane, amene anauthetsa ndi mowa. Zaka zitatu zinathera m'botolo, bambo osaoneka ngakhale pa tsiku lobadwa la mwana wake. Tsopano panali patatha zaka ziwiri osalawa ngakhale dontho. Ankamuona Nele Loweruka limodzi, lina ayi: kudya chipisi, kuonera kanema, kenako kukamutula pakhomo. Chaka chino Katrien anafewako mtima n'kuvomera kuti Rudi amutenge mwanayo sabata yathunthu, koma anaikapo mawu akuti, "Ngati mwiniwakeyo afuna."

Vuto linali lakuti sabata yomweyo ndi imene mayi Godelieve, amake a Katrien, ankatenga mdzukulu wawo chaka chilichonse kupita naye ku nyumba yawo ya pansanjika ku Knokke, tauni ya anthu olemera ya m'mphepete mwa nyanja, komwe ngakhale agalu amayenda monyada.

Rudi analibe nyumba ku Knokke. Iye anabwereka kalavani, kanyumba kokokedwa ndi galimoto, ku Bredene, tauni inanso ya kunyanja, kuseri kwa milu ya mchenga, ndipo ulendowo anaukonza ngati akumanga msewu wa boma. Pa chitseko cha fuliji anamatapo pepala la nthawi za sitima. Anafufuza mbali ya gombe yomwe pamakhala anyamata opulumutsa anthu m'madzi, komwe mafunde sachita ukali ndipo mabanja amadzaza ndi ana awo. Anagula nsalu yotchinga mphepo, mafuta oteteza ku dzuwa, ndi fosholo yeniyeni, osati tija tapulasitiki.

Mayi Godelieve atamva, anamuimbira foni.

"Rudi, ndamva kuti mukufuna kukagoneka mdzukulu wanga m'chitini."

"Ndi kalavani, mayi. Muli mabedi awiri ndi bafa."

"Musadzivute. Nele ali ndi chipinda chake ku Knokke. Ndikunena mokukomerani mtima, mwanayu inu simukumudziwa."

"Mwana wanga yemwe ndisamudziwe?"

"Simukumudziwa, bambo."

"Tikaonera komweko," anatero Rudi, n'kudula foni asanalankhule zoti adzazinong'oneze bondo.

Mawu a mayiwo anamuzungulira m'mutu masiku atatu. Anadzifunsa kuti, kodi ku Knokke kuli chiyani chomwe kwa ine kulibe? Mchenga ndi womwewo, madzi ndi ozizira chimodzimodzi. Kenako anakumbukira maluwa.

Kugombe kwathu kuno, mwana akafika amaumba katebulo ka mchenga, n'kuzikapo maluwa a mapepala, basi sitolo yatseguka. Ana ena amabwera ndi ndowa zawo kudzagula, ndipo salipira ndalama, amalipira zigoba za nkhono zotola m'mphepete mwa madzi: duwa laling'ono manja awiri odzaza, lalikulu manja asanu. Maluwawo amapanga ndi amayi ndi agogo, ena amayamba kukadali chisanu. Maluwa a mayi Godelieve anali otchuka, ochita kuoneka ngati atuluka m'munda. Ulendo womaliza umene Rudi anapita kunyanja ndi banja lake, Nele anagwada pa sitolo yake tsiku lonse, mphuno itapsa ndi dzuwa, akukalipira kamnyamata kena kuti dzanja lake silinadzaze. Chithunzi chimenecho ndi chomwe Rudi anali nacho m'mutu, ndipo anachigwiritsitsa.

"Ngati nkhani ndi maluwa, maluwawo awaona," analankhula yekha.

Anapita kusitolo ya zolembera n'kugula mapepala amakwinya amitundu isanu ndi iwiri, waya, guluu ndi timitengo. Njira yake anaonera pa foni, kwa mayi wina wolankhula mofatsa ngati zinthuzo n'zosavuta. Zosavuta kwa iyeyo! Duwa loyamba la Rudi linatuluka ngati kabichi wopondedwa ndi thalakitala. Lachiwiri linamatirira pa chala. Pepala linkang'ambika akangolikoka pang'ono, waya unkamubaya m'zikhadabo, ndipo anatukwana mawu amene anali atawasiya limodzi ndi mowa. Koma sanasiye. Akaweruka ankakhala patebulo dzuwa likadali pawindo, n'kupinda, n'kukulunga, n'kumanga. Kuntchito anzake anamupatsa dzina lakuti Agogo a Maluwa. Iye ankangoyankha kuti, "Sekani, koma wina akhudze bokosi langali aone."

Pofika pakati pa Juni anali ndi maluwa makumi asanu ndi limodzi kudza anayi. Ena anali opindika makosi, koma khumi omalizawo, kunena zoona, anali maluwa ndithu. Rudi sanamuuze Nele kalikonse. Ankafuna kuti mwanayo adzangolowa n'kuona.

Rudi ndi Katrien anagwirizana kuti Lamlungu masana Nele abwere kwa bambo ake adzanene komwe akufuna kupita. Katrien anali kuntchito, choncho amene anamubweretsa ndi mayi Godelieve, ndipo m'malo modikira m'galimoto anakwera nawo masitepe, kachikwama kali pamkono.

Rudi anatsegula chitseko atavala malaya osita. Maluwa anali atawazika m'ndowa zitatu za mchenga wochokera kuntchito, ena m'mabotolo, ena pa mpando, chipinda chonse mbwee! Pakati anaikapo kabolodi kolembedwa ndi penti yofiira: KWA NELE.

Nele anaima pakhomo, wamtali kufika paphewa pa bambo ake, foni ili m'manja, mawaya a nyimbo akulendewera m'khosi. Anayang'ana maluwa, n'kuyang'ana kabolodi, nkhope yake n'kufiira mpaka m'makutu.

Mayi Godelieve anagwira pakamwa, koma kuseka kunawapulumuka.

"Ayi ndithu, Rudi! Koma abale inu! Mwavutikira zimenezi? Nele anasiya za maluwa kalekale. Ichi n'chilimwe chachitatu. Mapepala anga otsala ndinagawira ana a mnzanga."

Rudi anatembenukira kwa mwana wake. "N'zoona, Nele?"

"Adadi, zimenezi n'za ana aang'ono," anayankha Nele chapansipansi. "Mu Seputembala ndikupita ku sekondale."

Rudi anamva manyazi amene sanawamvepo ngakhale masiku aja ankadzuka pa benchi ya pasiteshoni. Sabata zisanu akudzibaya ndi waya, kupangira mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri yemwe kunalibenso. Mwanayo anakula iye ali kumowa, ndipo palibe amene anamudikira. Zinamupweteka kwambiri, makamaka chifukwa apongozi akewo sananame.

"Mwaonatu," anatero mayi Godelieve, mawu atawafewetsa ngati akulankhula ndi wodwala. "Si kuti ndimakudani. Mwanayu simukumudziwa. Tiyeni tisamuvutitse. Apite ku Knokke monga mwa nthawi zonse, inu mudzabwere tsiku limodzi mudzadye nafe."

Kukanakhala kale, Rudi akanagwetsa nkhope n'kunena kuti chabwino, kenako n'kutsika kumowa. Koma tsiku limenelo anakoka mpweya n'kuima chilili.

"Mwanena zoona, mayi. Sindikumudziwa."

"Eya, ndiye…"

"Ndiye ndikamudziwira kuti? Pakhomo panu, mphindi khumi, inu mukuyang'ana wotchi? Kapena patebulo panu ku Knokke, ndikuopa kugwetsa foloko? Sindikudziwa nyimbo zomwe amamvera m'mawayawo. Sindikudziwa dzina la mnzake wapamtima. Sindikudziwa ngati amasambira mpaka pakuya kapena amaopa. Cholakwa n'changa, sindikukana, ndinachita kumwa ndekha, palibe anandithira m'kamwa. Koma sabata imeneyi ndikuifuna chifukwa chomwecho, ndipo sindikuisiya chifukwa choti mwandiseka."

"Musakweze mawu pamaso pa mwana."

"M'nyumba mwanga muno, mayi, mawu ndiwakweza. Kalavani ndabwereka, sitima ndi ya Loweruka m'mawa, ndipo ine ndikupita."

"Nokha?"

"Ngakhale ndekha."

"Nanga zinyalalazi?" anafunsa mayi Godelieve akuloza ndowa zija ndi chibwano.

Rudi anali asanaganizepo, koma mawu anangotuluka okha.

"Ndikagulitsa."

"Inu?"

"Ine amene. Ndikakumba sitolo yoti Bredene yense sanaionepo. Kukumba ndiye ntchito yanga. Ndikagwada pamenepo mpaka duwa lomaliza litapita."

"Bambo wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, kugulitsa maluwa a mapepala kwa tiana! Anthu akati mwayambiranso kumwa."

"Akanene. Akabwere adzandinunkhize m'kamwa."

Nele anatulutsa kamawu, kaya kuseka kaya kulira, n'kubisa nkhope m'manja. "Adadi, simungachite zimenezo. Akuluakulu sagulitsa. Sizichitika!"

"Zikayambira pa ine."

"Mukandichititsa manyazi!"

"Ukakhala uli ku Knokke, manyaziwo akakupeza bwanji?"

Mtsikanayo anachotsa manja kumaso. Analowa m'chipindamo pang'onopang'ono, n'kuika foni patebulo. Anazula duwa limodzi m'ndowa, lofiira, la m'gulu loyamba lija, n'kulitembenuza uku ndi uku.

"Ili ndi chiyani?"

"Rozi."

"Si rozi ili, adadi."

"Linali loyamba kumene. Taona awo ali pawindowo."

Nele anapita pawindo. Anatenga lachikasu lalikulu, n'kulisuzumira m'kati momwe Rudi anamatamo tinjere ta pepala lakuda, kamodzikamodzi. Analiyang'ana nthawi yaitali. Kenako maso ake anatsikira pa manja a bambo ake, pa zala zodzaza timabala ta waya, zikhadabo zitadetsedwa ndi utoto wa mapepala.

"Onsewa mwapanga nokha?"

"Ndekha."

"Aunt Hilde sanakuthandizeni?"

"Azakhali akowo akanamva akanandiseka mpaka Khirisimasi."

"Ili mukagulitsa bwanji?"

Rudi anakanda m'mutu. "Kaya. Manja awiri?"

"Awiri!" Nele anakuwa ngati wapondedwa chala. "Ili ndi la manja asanu ndi limodzi! Ndipo muziyang'ana, ana ena amaika mchenga pansi, zigoba pamwamba. Ena amabweretsa zosweka. Inuyo akakuberani tsiku loyamba lomwe, pofika masana mulibe kanthu."

"Nele, tiye," anatero mayi Godelieve. "Amako akudikira yankho."

Nele sanatembenuke. Anabwezera duwa lija m'botolo mosamala, n'kuliwongola khosi.

"Ine sindikagulitsa nawo," anauza bambo ake. "Ndanena ndanena. Sindikagwada pamchenga, ndipo kabolodi ako ka dzina langa mukasiye konkuno."

"Kakhala konkuno."

"Ndipo musakandiitane mokuwa anthu akumva."

"Sindikakuitana."

"Ndikayala thaulo langa patali, ngati sindikukudziwani."

Rudi anamuyang'ana mwana wakeyo. Anaopa kufunsa, kuti mwina wamva molakwa. Mayi Godelieve anangokumbatira kachikwama kawo.

"Patali bwanji?" anafunsa Rudi.

Nele anakweza mapewa, maso ali pa maluwa.

"Poti ndizikuonani," anatero.