Kalata ya Munda wa ku Ngauma

Mayi Otília anaika kalatayo patebulo n'kuikankhira kwa Daudi ndi chala chimodzi, osamuuza n'komwe kuti akhale pansi. Daudi anaizindikira asanaiwerenge. Anailemba ndi iye mwini, masabata atatu apitawo.

Anali atalawirira ku Mandimba pa shapa, minibasi yoyamba ya ku Cuamba, jekete atalikulunga m'pulasitiki kuopa fumbi. Tsikulo ndi limene ankayenera kuyamba kuphunzira ntchito mu ofesi ya mayiwa, loya kapena kuti adivogado wodziwika pa milandu ya malo ndi ya chuma cha masiye. Uphunzitsi wa zaka khumi ndi zinayi anali atautsanzika, atawerenga malamulo zaka zisanu pa tchuthi ndi Loweruka. Chotsala chinali kukhala pansi pa adivogado wamkulu mpaka amuvomereze kuimira anthu pabwalo la milandu. Popanda dzanja la mayi Otília, mapepala ake onse anali okulungira mtedza basi.

Koma kwawo ku Ngauma anthu sadikira zonsezo. Ukangonyamula buku lalikulu, kwa iwo wamaliza. Anayamba kumutchula Dotolo, dzina laulemu la maloya, chaka choyamba chomwe, ndipo tinene zoona, dzinalo linkamukomera. Ndiye mlongo wake Rahma atabwera akulira kuti bambo Swalehe, oyandikana nawo munda, alowerera mizere khumi m'munda umene amayi a Daudi ndi Rahma anausiya pothawira ku Malawi nthawi ya nkhondo, Daudi sanachite zimene mwini mbumba amachita, kupita pakhomo pa mnzake n'kukambirana pamphasa. Analemba kalata ya Chipwitikizi yoopseza za kubwalo la milandu, pansi pa dzina lake n'kuwonjezerapo kuti adivogado.

Bambo Swalehe kuwerenga sadziwa, koma mantha amawadziwa. Ananyamula kalatayo ulendo wa ku Cuamba kukafuna wowalankhulira, ndipo khomo limene anagogoda linali lomweli.

"Mkuluyo anakhala pampando uwo akunjenjemera," anatero mayi Otília. "Bambo Daudi, udindo umenewu anakupatsani ndani?"

Daudi anayesa kufotokoza kuti inali nkhani ya pachibale, kuti ankangofuna kuwaopseza pang'ono, kuti kumudzi aliyense amamutchula kale choncho. Iye yemwe ankadzimva ngati wophunzira wogwidwa akubera mayeso.

Mayiwo sanakalipe, ndipo n'chimene chinamupweteka kwambiri. Anati sakamunenera kulikonse, koma munthu woyamba ndi bodza papepala sangapite naye pamaso pa woweruza.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, bambo. Kunangokutsalirani pang'ono."

Mawa lake anafika ku Ngauma pa njinga ya hayala. Anapeza Rahma akutola nandolo, ndipo atangomuona anayamba kumuseka monyadira.

"Dotolo, mwabwerako kale? Kapena milandu ya ku Cuamba mwaimaliza tsiku limodzi?"

Anamuuza zonse ali chiimire, osachotsera kanthu. Rahma anaika pansi lichero la nandolo. Sanafunse za munda. Anangonena motsitsa mawu kuti kalatayo anaipempha ndi iye, ndipo kuti m'mudzi monse anali atalengeza kale kuti achimwene ake ayamba ntchito.

"Kusukulu munatsanzika, ku Cuamba akukanani. Anthu akandifunsa ndinene chiyani, achimwene?"

Daudi mtima unkamuwawa poona kuti wagwetsa ndi mlongo wake yemwe. Anasiya chikwama pakhonde n'kutsata kanjira kodutsa m'malire mwa munda uja, mpaka pakhomo pa bambo Swalehe. Anaima patali ndithu n'kuodira.

Mkati munamveka mawu a nkhalamba, ofunsa mwamantha kuti ndani.

"Ndine Daudi, bambo, mwana wa malemu Anisa. Ndabwera kudzapepesa."